Ndinamwa Ng'ombe za Mlongo Wanga

Abale ndi alongo, mwaghona. Yewo nonse. Ndilankhula m'Chichewa kuti a kumwera amene tili nawo muno amve nawo, ngakhale Chichewa changa ndi cha pamsika. Mundipirire.

Dzina langa ndi Ambokile. Kwathu ndi ku Misuku, kumunsi kwa nkhalango ya Mughese. Ambiri mumandidziwa ndili mbuu ndi fumbi la simenti pa shopu ya zomangira ya a Kachingwe, amene akhala apo kutsogolo. Ena mumandidziwa ndi dzina limene anandipatsa anyamata a pa siteji ya njinga zamoto. Ankanditchula Machesi. Amati uyu ukangomukhula pang'ono, wayaka.

Dzinalo ndinkalikonda. Ndinkayenda nalo ngati mendulo.

Sukulu ndinalekera sitandade 7. Tsiku lina mvula inagwa kwambiri, mtsinje unadzaza, ndipo ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Tusekile, tinafika mochedwa. Aphunzitsi anayamba kumukwapula Tusekile m'miyendo. Ine ndinalanda ndodo ija, ndinaithyola, n'kuwakankhira aphunzitsiwo pa bolodi. Anati ndikaitane makolo. Sindinabwererenso.

Kuyambira pamenepo ndinkauza aliyense kuti mlongo wanga sakhudzidwa ine ndili moyo. Ndinkanena pa mpira, ndinkanena pa mowa. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa tiwapezanso kutsogoloku.

Mowa ndinayambira kumudzi, pa chipumu cha mawere, ndikubisala kumbuyo kwa akuluakulu. Nditabwera pa boma ndinapeza kachasu ndi wa m'mabotolo. Ndikamwa ndinkamenya, ndikapanda kumwa ndinkakalipa. Ntchito zitatu zinandithera chifukwa cha pakamwa ndi zibakera. A Kachingwe, munthu wochokera ku Ntcheu, ndi amene anandisunga. Ankati, “Mnyamatayu mutu ndi wotentha, koma saba.” Ndipo zinali zoona. Kufikira nthawi imeneyo ndinali ndisanatengepo ngakhale msomali umodzi.

Tusekile anakwatiwa ali wamng'ono ndithu, kumudzi wina wa kuseri kwa phiri lathu. Akuchimuna anapereka malowolo, ng'ombe zinayi. A kuno mukudziwa, koma a kumwera mwina simudziwa: ng'ombe za mlongo sizidyedwa. Zimakhala m'khola la bambo. Zikaswana, mchimwene wake amakakwatirira zomwezo. Ukwati ukatha, zimabwerera kumene zinachokera. Khola likakhala lopanda kanthu, makolo amasowa pakamwa pamaso pa akuchimuna, ndipo mwana wamkazi amauzidwa kuti apirire.

Chaka china, nyengo yozizira, nthawi yothyola khofi, Tusekile anabwera kunyumba ndi mwana kumbuyo, diso lili lotupa. Sikanali koyamba. Adada anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Ng'ombe zawo zilipo zonse zinayi. Tikatha kuthyola khofi ndiitana athenga, tiwabwezere. Iwe subwererako.” Athenga ndi amene inu mumati ankhoswe.

Ine nditamva ndinalumbira pa siteji kuti mlamu wangayo ndidzamuthyola nthiti. Anyamata anaombera m'manja. Tusekile yekha ndiye sanafune zimenezo. Iye ankangodikira kuti khofi athe.

Ndiye linafika tsiku la khadi.

A Kachingwe anali pa ulendo wa ku maliro ku Nthalire. Katundu m'shopu anali atatha, ndipo anthu anali atayamba kufunsa malata kuti afolere mvula isanabwere. Madzulo anandiitanira kuseri kwa kauntala. Anati mawa m'mamawa ndikwere lole imene anachita hayala, ndipite ku Karonga kukagula malata ndi simenti. Anatulutsa khadi la ku banki, n'kundinong'oneza nambala yake yachinsinsi.

“Ambo, tamvera ndikufotokozere mmene limagwirira ntchito. Khadi ili silili ngati...”

Ndinawadula. “Ndikudziwa, bwana.”

Abale, sindinkadziwa. Koma munthu amene sukulu inamukanika ali ndi nthenda imodzi: safuna aoneke kuti pali chimene sakudziwa. Ine ndinkaganiza kuti khadi lili ngati ndalama za pafoni. Umaikamo, umagula, zikatha limakana. Basi. Ndinaliika m'thumba la malaya n'kumanga batani.

Ndikanapita kukagona. Chipinda changa chinali pafupi. Koma mapazi anga ananditengera ku loji ina ya pa boma pano, kumene kumamwera anthu a m'maofesi. Ndinati ndingomwa imodzi ya ndalama zanga, ndione mpira pa kanema wawo wamkulu.

Mkatimo ndinapezamo Gift. Tinali kalasi imodzi ku Misuku. Iye anapitiriza sukulu, ndipo tsopano amathandiza amalonda kuolotsa katundu pa boda. Anali ndi anzake a mataye, akulankhula Chingerezi. Atangondiona anakuwa.

“Machesi! Kodi masiku ano akulola onyamula simenti muno? Pepani mabwana, vundikirani matambula, fumbi lafika.”

Anthu anaseka. Iye anapitiriza. “Mpatseni imodzi, ndilipira ine. Sukulu inamukanika, koma kukhosi kumagwira ntchito bwinobwino.”

Makutu anga anatentha. Ndinamasula batani lija, n'kumenyetsa khadi pa kauntala.

“Aliyense ali muno amwe. Uyu Gift mpatseni botolo lodula kuposa onse, aone mmene timamwera ife osaphunzira.”

Mtsikana wogulitsa anandiyang'ana. “Achimwene, mukutsimikiza?”

Ndinamukalipira. Anabweretsa kamakina kawo, ndinadina nambala, kanalira, kapepala kanatuluka. Bala yonse inakuwa. Ndinadziuza kuti kameneka n'kochepa, ndidzabweza pa malipiro a mwezi uno, a Kachingwe sadzadandaula.

Kenako kunabwera ulendo wachiwiri. Wachitatu. Anthu anayamba kuimbira anzawo mafoni kuti bwerani, kuno kwagwa tajiri. Anabwera oti sindinawaonepo. Makireti, wisiki, nyama ya mbuzi yootcha. Ankanditchula bwana mkubwa. Ine amene ndinkanyamulira anthu amenewa simenti pamutu, usiku umenewo ankandipukutira mpando.

Nthawi iliyonse ndikadina nambala, ndinkadikira kuti kamakina kakane. Ndinkati kakakana ndiye kuti basi, ndipita kukagona. Koma sikankakana. Ndiye mumtima ndinayamba kunena kuti, onani ndalama zimene ali nazo a Kachingwe, koma ife amatilipira zogulira sopo. Mukuona mmene mowa umagwirira ntchito? Ndinali kuba, koma ndinkadziona ngati ine ndiye woberedwa.

Gift anamwako botolo lake lodula lija. Kenako anatola khadi pa kauntala n'kulikweza m'mwamba.

“Machesi, dzina unasintha liti? Apa palembedwa kuti Kachingwe. Kapena kuwerenga nakonso kunakukanika?”

Ndinaponya botolo. Linamuphonya, linakaswa kanema uja. Ndinanyamula mpando wachitsulo, unakathera pa chitseko chagalasi cha filiji. Mawindo awiri anapita. Zina sindikumbuka. Ndimakumbuka alonda atandipanikiza pansi, mwini loji ataima pamutu panga ndi kamakina kaja m'manja. Anati ndisankhe, kulipira zoswekazo pompano kapena kukagona ku polisi.

Ndinadina nambala. Apanso sikanakane.

M'mawa ndinadzidzimukira kuseri kwa msika, mlomo wotupa, dalaivala wa lole akundigwedeza ndi phazi. Tinatsika mapiri mpaka ku Karonga. Ndinasankha malata, anyamata anayamba kukweza. Nditapereka khadi, makina a kumeneko anakana. Anayesa kawiri, anakana. Anatsitsa malata onse ine ndikuona.

Tinabwerera ndi lole yopanda kanthu. Lole yopanda katundu imachita phokoso kwambiri pokwera phiri. Phokoso limenelo ndimalimvabe.

Kumene kunali maliro kuja netiweki kulibe. A Kachingwe anachita kukwera kaphiri kuti andiimbire, amve ngati mzigo wa malata ndi simenti uja wafika. Foni itangogwira, mauthenga a ku banki anayamba kulowa motsatizana, uliwonse ukunena ndalama zimene zachoka ku loji. Anandiuza pambuyo pake kuti anangokhala pansi pa mwala.

Atafika sanakalipe. Bola akanakalipa, chifukwa mkangano ndiye ndinkautha. Anatseka shopu masana, tinakhala awiri pa matumba a laimu. Ananditchulira bilu yonse. Inali pafupifupi mamiliyoni awiri.

“Ambo, m'khadi ili munalibe ndalama zanga ngakhale tambala imodzi,” anatero. “Banki imandibwereka. Ndimagula katundu, ndimagulitsa, n'kubweza mwezi usanathe. Iwe wamwa ngongole. Ndipo ngongole imeneyi imaswa. Mwezi ukatha ndisanalipire, amaika chiwongoladzanja, mwezi winawo chinanso pamwamba. Katundu woti ndigulitse ndilibe. Chikole chake ndi shopu ino.”

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinaimirira n'kukuwa kuti, “Nanga bwanji simunandiuze?”

Anati, “Ndinayamba kukuuza. Unati ukudziwa.”

Anandiuza kuti ndikaitane adada. Anati sakundida, koma ali ndi ana pa sukulu ndi antchito ena awiri amene sanamwe nawo. Ndalama zikapanda kupezeka mwezi usanathe, nkhaniyi aitengera ku polisi, chifukwa kunali kuba.

Ku polisi ndinali nditagonako kale usiku umodzi chifukwa cha ndewu. Ndinkadziwa fungo la chidebe cha pakona. Ndinkadziwanso kuti ulendo uno sukhala usiku umodzi. Ndinakwera galimoto ya ku Misuku.

Tinakhala pakhonde: adada, amama, adada aang'ono ndi ine. Tusekile anali chapatali pang'ono, pafupi ndi chitseko, akusankha khofi m'lichero, mwana ali pamiyendo. Ankamva zonse.

Ndalama za khofi zinali zisanatuluke, ndipo ngakhale zikanatuluka sizikanafika ndi theka lomwe. Tinawerenga mbuzi, nkhuku, nthochi. Sizinapite patali. Kenako adada aang'ono anayang'ana kukhola.

“Ng'ombe zilipo.”

Amama anati, “Nanga mwanayu?”

“Banja n'kupirira, mlamu. Mwamuna wake tikamulankhula, asintha. Koma mnyamata akalowa m'ndende, atuluka ali munthu wina.”

Adada anatembenukira kwa ine. “Ambokile, mlanduwu ndi wako, mlongoyu ndi wako. Iwe ukuti bwanji?”

Abale ndi alongo, apa ndi pamene pali tchimo langa lenileni. Mowa uja, mpando uja, khadi lija, zonsezo ndi zazing'ono poyerekeza ndi mphindi imeneyi.

Ine Machesi. Ine amene ndinathyola ndodo ya aphunzitsi. Ine amene ndinalumbira pa siteji kuti mlongo wanga sakhudzidwa ndili moyo. Ndinkangofunika kunena kuti, adada, ng'ombezo musazikhudze, ndikalowe ndine. Mawuwo anafika pakhosi. Koma ndinakumbuka chidebe chija.

Ndinayang'ana pansi. Ndinakhala chete.

Tusekile anandiyang'ana. Sindinadzutse mutu, koma ndinkamva maso ake pa ine. Kenako anaika lichero pansi, anabereka mwana, n'kupita kukanula matewera pa chingwe. Anali asanaume n'komwe.

Ng'ombe zitatu zinagulitsidwa kwa anthu a mabutchala. Anatigula motchipa chifukwa ankadziwa kuti tili pa changu. Inatsala imodzi, yaikazi, imene inalira usiku wonse kufuna zinzake. Athenga anabwera monga adada ananenera, koma sanabwere kudzalandira ng'ombe. Anabwera kudzaperekeza Tusekile kwa mwamuna wake.

Ponyamuka anadutsa pamene ndinaima. Anangoti, “Tsalani bwino, achimwene.”

Ndalama za ng'ombe zinalipira gawo lalikulu la ngongole, shopu inapulumuka. A Kachingwe anandilandiranso. Anati, “Khadi sudzaligwiranso, koma simenti unyamula.” Theka la malipiro anga linkapita ku banki mwezi ndi mwezi. Iwo sankadziwa kuti ng'ombe zimene tinagulitsa zinali za ndani. Sindinawauze.

Mungaganize kuti ndinasiya mowa. Ayi. Ndinawonjezera. Loji ija sindinkapondako, koma kachasu wa kuseri kwa msika amapezeka ndi ndalama zochepa. Ndinkamwa kuti ndisamve funso la adada. Kumudzi ndinasiya kupita, chifukwa njira yolowera kwathu imadutsa pakhola. A Kachingwe ankandiitanira kutchalitchi kuno, ndipo ndinkabwera kuopa kuchotsedwa ntchito. Ndinkakhala benchi yakumbuyo uko, pafupi ndi chitseko, mutu ukuwawa, kudikira Ameni womaliza.

Mvula itafika pachimake, amama anandiimbira foni. Anati Tusekile ali m'chipatala pa boma pano. Anamubweretsa pa njinga yamoto usiku.

Ndinamupeza atagona chammbali, mutu atamumanga bandeji. Mwamuna wake anamumenya ndi chikuni kukhutu lakumanzere. Adokotala anauza amama kuti bala lipola, koma khutu limenelo silidzamvanso.

Ndinatuluka mothamanga. Ndinafika ku shopu, ndinatenga chikwanje chatsopano pa shelefu, ndinachikulunga m'thumba la simenti. Ndinapangana ndi wa njinga yamoto kuti anditengere kuseri kwa phiri. Koma ndinati ndiyambe ndadzera kuchipatala. Ndinene zoona: ndinkafuna Tusekile andione ndili mwamuna.

Ndinagwada pafupi ndi bedi, ndinamuonetsa chigwiriro cha chikwanje. Ndinati, “Lero atha.” Sanamve. Ndinali nditagwada mbali ya bandeji. Ndinazungulira bedi n'kubwereza.

Anandiyang'ana ndi maso omwe aja a pakhonde. Analankhula motsitsa, chifukwa nsagwada zinkamupweteka.

“Mukakamutema, akumangani. M'khola mwatsala ng'ombe imodzi. Adada agulitsa imeneyo, kenako munda wa khofi. Nanga zikatha zimenezo, adzapereka ndani kuti mutuluke?”

Ndinakankhira chikwanje chija m'thumba.

“Achimwene, ine chikwanje chanu sindinachifunepo. Tsiku lija ndinkangodikira mawu anu.”

Anatembenukira kukhoma.

Ndamenyedwapo ndi anthu ambiri, ena ndi zitsulo. Palibe anandigwetsa ngati mmene anandigwetsera mwana ameneyu ali gone pa bedi. Ndinatuluka osaona kumene ndikupita. Ndinakakhala kuseri kwa wodi, kumene odikirira odwala amaphikira, mvula ikundigwera. Wa njinga uja anaimba foni mpaka anatopa.

Amayi busa athu anali komweko tsiku limenelo, kudzaona odwala. Anandizindikira kuti ndine wa benchi yakumbuyo uja. Anakhala pa njerwa pafupi nane, anaona thumba la simenti, anasolola chikwanje mwakachetechete ngati mmene mayi amalandira mpeni kwa mwana wokwawa. Anati ndiwafotokozere.

Ndinawauza zonse. Aka kanali koyamba kutchula ndi pakamwa panga za tsiku la pakhonde. Pomaliza ndinati, “Amama, vuto langa ndi mkwiyo.”

Anapukusa mutu. “Mkwiyowo unali kuti tsiku limene adada ako anakufunsa? Mwananga, iwe uli ndi mantha. Umaopa kusekedwa, umaopa kuoneka wosadziwa, umaopa ndende. Kukuwa konseku n'kubisa zimenezo.”

Palibe anandiuzapo zotero. Akanakhala mwamuna, mwina ndikanamumenya. Koma ndinalibenso mphamvu, ndipo ndinkadziwa kuti akunena zoona.

Anandiuza za Yesu. Ndinali nditamva dzinalo kuyambira ndili mwana, koma tsiku limenelo ndinamva china. Anati pamene mlandu unali wa ena, Iye sanayang'ane pansi. Anaimirira n'kulola kuti chilango chigwere Iye. Anachita chimene ine ndinalephera kuchitira mlongo wanga, ndipo anachitira ngakhale wamantha ngati ine.

Ndinagwada m'matope momwemo, amayi ophika phala akundiyang'ana. Ndinayamba kupemphera m'Chichewa, chinandithera. Ndinapitiriza m'Chisukwa cha kwathu. Sindinapemphe zambiri. Ndinati, Ambuye, ndine wakuba, ndine wamantha, ndinagulitsa mlongo wanga. Ngati mungalandire munthu wotere, ndine pano. Ndinalira ngati mwana. Nditadzuka, mvula inali ikugwabe, ngongole inali ilipobe, Tusekile anali adakali pa bedi. Koma moto umene unkakhala m'chifuwa changa kuyambira sitandade 7 unali utazima.

Chikwanje ndinachibweza pa shelefu madzulo omwewo, ndipo ndinawauza a Kachingwe za ng'ombe. Anagwira kumutu. Anati akanadziwa akanapempha banki kuti iwapatse nthawi. Mukuona? Kukhala chete kwanga kunatseka ngakhale khomo limenelo.

Amayi busa anatiuzanso chinthu china chimene chimandipweteka mpaka lero. Anati ng'ombe zikhalepo kapena zisakhalepo, palibe lamulo lokakamiza mkazi kubwerera kumene akumenyedwa. Anatiperekeza ku polisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nkhani ya mlamu wanga inapita ku khoti, ndipo sindinenapo zambiri pano. Koma taganizani. Tusekile akanatha kukhala pakhomo pa adada ngakhale khola lili pululu, pakanangopezeka munthu mmodzi woimirira n'kunena kuti sapita. Munthuyo anayenera kukhala ine.

Atatuluka m'chipatala ndinapita naye ndekha ku Misuku. Ndinakhala pakhonde lomwe lija, ndinati, “Adada, funso lanu lija ndabwera kudzayankha. Ndachedwa. Tusekile sabwererako. Ng'ombe zawo ndigula ndine.” Adada aang'ono anayamba kulankhula. Ndinati, “Pepani adada, lero ndimalize kaye.” Sindinakuwe. Ndinadabwa kuona kuti munthu ungathe kumveka osakuwa.

Akuchimuna anabwera ndi athenga, atakwiya. Mkulu wake wa mlamu wanga anandiloza chala pamphuno. Anati, “Chidakwa iwe, unamwa ng'ombe zathu usiku umodzi, lero ukufuna kutiphunzitsa za banja?” Anandilavulira pa nsapato.

Manja anga anayamba kuyabwa. Ndinawaika kumbuyo, lina kugwira linzake, mpaka zikhadabo zinalowa m'khungu. Mumtima ndinkangoti Yesu, Yesu, ndigwireni. Ndinayankha kuti, “Mwanena zoona, ndinamwa. Tengani yatsalayi lero. Zitatuzo ndizibweretsa imodzi imodzi.” Adada anandiyang'ana ngati akuona mlendo.

Ngongole ya ku banki inatha chaka chatha. Tsiku limene tinalipira komaliza, a Kachingwe anandigulira fanta ndi banzi, tinapemphera kuseri kwa kauntala. Mowa sindinaulawenso kuchokera tsiku la kuchipatala lija. Ndalama zimene zinkapita kwa amayi a kachasu tsopano zimapita ku ng'ombe. Loweruka ndimakweza malole a anthu ena kuti ndiwonjezere. Ziwiri ndapereka kale. Yatsala imodzi, ndipo Ambuye akalola, khofi wa chaka chino asanathe ndiyipereka.

Musaganize kuti ndasanduka mngelo. Sabata yathayi kasitomala wina ananditchula mbuli chifukwa ndinasokoneza misomali ya mainchesi atatu ndi anayi. Makutu anatentha ngati kale. Ndinapita kuseri kwa matumba kukapemphera, kenako ndinabwera n'kumufunsa kuti andionetse imene akufuna. Tsopano ndikapanda kudziwa ndimanena kuti sindikudziwa. Mawu amenewa akanatuluka pakamwa panga madzulo aja, ng'ombe zathu zikanakhala zili m'khola. Gift ndimakumana naye pa boda tikapita kukatenga mzigo. Ndimamupatsa moni. Amadabwa.

Yakwana nthawi yoti ine ndikwatire, koma ng'ombe zokwatirira ndilibe, ndipo sindidandaula. Chimene chimandidzutsa usiku ndi china. Bilu ya ku banki ili ndi polipirira. Ng'ombe zili ndi pogulira. Koma ndafunsa adokotala kawiri konse, ndipo andiuza kuti khutu lija palibe chimene angachite. Mulungu anandikhululukira, ndikudziwa. Koma sanabweze usiku uja kuti ndiukhalenso bwino. Chipsera chili pa thupi la munthu amene sanamwe nawo ngakhale dontho.

Tusekile anandikhululukira. Sanachite mwambo. Tinali kuthyola khofi m'munda wa adada, iye mzere wake, ine wanga. Anangoti, “Achimwene, mwasiya zofiira zambiri kumbuyoku, mukuthyola ngati munthu wa pa boma.” Anaseka. Kanali koyamba kundiseka kuchokera tsiku la pakhonde. Ndinabisala kuseri kwa mtengo wa khofi n'kulira.

Lero ali muno. Ndi uyo wavala mpango wobiriwira, wakhala ndi amayi busa. Ndinamupempha chilolezo ndisanaime pano, ndipo anati, “Kaneneni zonse, musasiyeko za pakhonde.” Tsopano akuphunzira kusoka pa boma pano. Tikamatuluka mukafuna kumupatsa moni, muime kudzanja lake lamanja. Ndiko amamvera.

Anyamata anzanga, makamaka inu a benchi yakumbuyo, ndikukuonani chifukwa malo amenewo ndi anga. Mwina m'thumba mwanu mulibe khadi la bwana. Koma dzulo munamwa, ndipo mukuganiza kuti mwamwa zanu. Ine ndinaphunzira kuti bilu ya mowa siifikira womwa yekha. Imafika kwa amene amakukonda, amene alibe pothawira. Kamakina kaja sikanandikanize, ndipo inunso palibe chimene chidzakukanizeni. Musadikire kuti mukagwade m'matope kuseri kwa wodi. Yesu amene analandira wamantha ngati ine ali pano m'mawa uno. Abusa akaitana, dzukani. Ngati miyendo ikulemera, kwezani dzanja, ndibwera kudzayenda nanu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwira dzanja langa lisanaphe munthu, amene anatsegula pakamwa panga ngakhale mochedwa, amene anasunga moyo wa mlongo wanga pamene ine ndinalephera kuusunga.

Kale ndinkakuwa m'mabala. Lero mundilole ndikuwe kamodzi m'nyumba ya Mulungu, ndipo inu mundithandize mwamphamvu, kuti Tusekile amve bwinobwino kumene wakhalako.

Ambuye Yesu alemekezeke!